Kamunda ka maroza kuseri kwa nyumba: yambani ndi kuwerenga zigubu

Musanagule mbande ya roza ngakhale imodzi, werengani zigubu za madzi zimene mungakwanitse kutunga mu Okutobala, zitsime zitatsika, pamjigo pali mzere wa ndowa. Za mu Febuluwale musawerenge, nthawi imeneyo ngakhale mtengo wa mpanda umaphuka wokha. Kuno kumtunda kwa Angónia, Tsangano ndi Macanga, roza yokhwima imamwa pafupifupi chigubu chimodzi cha malita 20 pa mlungu m'chilimwe. Kumunsi ku Tete ndi ku Moatize, kumene kutentha kumapyola madigiri 40, imafuna ziwiri kapena zitatu. Ndiye ngati muli kumtunda ndipo mungapatule zigubu 8 pa mlungu osakangana ndi ophika ndi ochapa, munda wanu ndi wa maroza 6, zigubu ziwiri zotsalazo n'za timaluwa totsagana nawo. Maroza 6 okhuta madzi amadzaza kuseri kwa nyumba kuposa 20 ofota.

Kamunda kamene ndikunena pano si kaja koti maroza ali ndandanda, pansi posesedwa mbee. Ndi ka mtundu umene anthu a m'midzi ya ku England ankalima pakhomo pa tinyumba tawo: maluwa, ndiwo zamasamba, zitsamba zonunkhira ndi kamtengo ka zipatso, zonse pamodzi mothithikana, kanjira kakudutsa pakati. Poyamba kanali ka anthu wamba. Kanadzatchuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene okonza minda ya anthu achuma, monga Gertrude Jekyll, anayamba kutengera kabzalidwe kameneka. Kwa ife si zachilendo kwenikweni. Amene anakulira m'munda wa agogo, mmene chimanga, nyemba, maungu ndi luni zimakulira pamodzi dothi osaoneka, akudziwa kale mmene kamunda kotere kamaonekera. Kungoti roza imafuna dzenje lakelake, madzi akeake ndi mphepo yodutsa m'masamba.

Malo ake

Roza imafuna dzuwa la maola 6 pa tsiku, ndipo labwino ndi la m'mawa chifukwa limaumitsa mame matenda asanagwire masamba. Choncho yambani kuyang'ana mbali ya kum'mawa. Chenjerani ndi khoma loyang'ana kumwera. Mukapaona mu Disembala mudzati pali dzuwa lokwanira, koma kuyambira Epulo mpaka Ogasiti dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo m'munsi mwa khomalo mumakhala mthunzi tsiku lonse. Khoma loyang'ana kumadzulo nalo lili ndi vuto lake, makamaka kumunsi kotentha, chifukwa njerwa zimagwira moto masana n'kumawaula maluwa. A ku Tete ndi ku Moatize, funani malo amene dzuwa limachokapo cha m'ma 12 koloko n'kubwera kamthunzi kopepuka.

Talikirani mango, bulugamu ndi mpanda wa mkungudza. Mizu yake ikangonunkhiza dzenje lanu lonyowa imabwera kudzadya nawo, ndipo roza siingapikisane nayo. Ngati m'dera mwanu mapichesi amabereka bwino, monga zimakhalira ku Tsangano, ku Dómuè ndi ku Ulónguè, dziwani kuti muli pamalo a maroza, pakuti pichesi ndi roza ndi banja limodzi la zomera. Pewani malo otsika a kudambo okha, kumene chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimatsikira usiku n'kupsereza mphukira.

Kuseri kwa nyumba sikukhala kopanda kanthu. Kuli thandala, bafa, chingwe choyanikira zovala, khola la nkhuku, dzala. Musalimbane nazo. Onani mmene anthu a pakhomo amayendera, ndipo njira imene mapazi anaiponda kale ndiyo ikhale njira ya m'munda. Mukaitseka ndi maluwa, ana adzadutsabe pomwepo.

Jambulani pansi ndi phulusa

Malo a mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi ndi okwanira. Tengani phulusa m'chitini, mujambule kaye njira, kenako pokhala, kenako pachipata, maroza pambuyo. Njira ikhale ya masentimita 80, yoti wilibala kapena munthu wosenza ndowa adutse osakodwa ndi minga, ndipo ikhote kamodzi kuti munthu asaone munda wonse ali pachipata. Yalani zibenthu za njerwa zotsala pa uvuni, mothina, pamwamba pa kamchenga. Simenti siifunika. M'dzinja madzi amalowa m'mipatamo m'malo mothamangira ku maziko a nyumba.

Pokhala ndi thabwa lokhazika pa njerwa kapena chipika, kumapeto kwa njira, pamene mthunzi umafika madzulo. Pachipata zikani mphanda zinayi, mupindirepo nsungwi pamwamba kuti roza yoyanga idzakwerepo. Pakhale patali mamita awiri ndi pang'ono, chifukwa nthambi zikadzalendewera zimakola duku. Nsungwi chiswe chimaidya pakapita zaka zochepa, pamene roza yangoyamba kumene kulemera, choncho amene angathe apite kwa wowotcherera amupangire cha zitsulo zomangira nyumba. Mabedi asapitirire mita ndi theka kuchokera panjira.

Mpanda umangidwe mbande zisanabwere. Anthu akakolola mbuzi zimamasulidwa, ndipo mbuzi minga ya roza siiopa. Nkhuku nazo zimapalasa patsinde mpaka mizu kuonekera. Nsungwi zong'amba kapena waya wa nkhuku, kutalika kufika pachifuwa, ndi zokwanira. Kumtunda musamange mpanda wa udzu wothina mbali zonse, umatsekereza mphepo ndipo matenda amachuluka. Kumunsi kotentha mpanda wa udzu kapena bango ndi wabwino mbali ya kumadzulo.

Dzenje

Apa ndi pamene ambiri amachita ulesi, pomwe roza idzakhala m'dzenjemo zaka 10 kapena kupitirira. Kumbani masentimita 60 m'litali, 60 m'lifupi, 60 kupita pansi, la makona anayi. Dothi lapamwamba lakudalo muunjike kwina, lapansi lofiiralo kwina. Mukafika pansi, gwazani ndi piki kuti pasakhale polimba.

Kenako liyeseni. Thiranimo ndowa ziwiri madzulo, m'mawa mukaone. Ngati madzi aphwa, dothi lili bwino. Ngati adakalimo, ndiye kuti muli pa makande kapena pansi pali thanthwe, ndipo mu Januwale mizu idzaola. Pamalo otere kwezani bedi lonse ndi masentimita 30, mutchinge m'mbali ndi njerwa kapena miyala. Katondo wofiira wa kumtunda ndi wabwino kwa roza bola mumufewetse ndi manyowa. Mchenga wa kumunsi ndi umene umavuta, madzi amangodutsa, choncho onjezerani dothi la pachulu ndi manyowa ambiri kuti uzigwira chinyezi.

Pokwirira, sakanizani dothi lapamwamba lija ndi ndowa ziwiri za manyowa a khola owola bwino, oti mukawagwira akufumbutuka ndipo sakununkha. Manyowa aawisi amaotcha mizu, makamaka zitosi za nkhuku, ndipo amabwera ndi mbozi zoyera zodya mizu. Mukaziona posakaniza, tolani mupatse nkhuku. Onjezerani dzanja limodzi la fetereza wa 12-24-12, yemwe uja wa chimanga, mumusakanize ndi dothi la pansi penipeni kuti asakhudzane ndi mizu yanthete. Phulusa lisachuluke. Roza imakonda dothi lowawasa pang'ono, la pH (muyeso wa kuwawasa kwa dothi) ya pakati pa 6 ndi 6.5, ndipo phulusa lambiri limachititsa masamba ang'onoang'ono kusanduka achikasu mitsempha yokha ili yobiriwira. Mukakwirira, thirirani n'kulisiya dzenjelo milungu iwiri kapena itatu kuti dothi likhazikike.

Maenje atalikirane masentimita 80 kufika mita imodzi. Bzalani maroza atatuatatu a mtundu umodzi, mwa mafuwa, osati pamzere. Akadzakula amakumana n'kuoneka ngati chitsamba chimodzi chachikulu.

Mitundu yoti mufunefune

Ndikanati ndisankhe umodzi wokha, ndikanasankha Iceberg. Ndi roza yoyera, yochita maluwa m'magulumagulu pafupifupi chaka chonse, imene Reimer Kordes wa ku Germany anaitulutsa mu 1958, ndipo kum'mwera kwa Africa kuno yafala kwambiri chifukwa imapirira dzuwa. Fungo lake ndi lochepa, koma ndi imene imadzaza munda pamene ena akupuma. Queen Elizabeth, ya mu 1954, ndi yapinki, yaitali ndi yolimba, yoyenera kumbuyo cha kumpanda. The Fairy, ya mu 1932, ndi yaifupi, timaluwa take ting'onoting'ono, yabwino m'mphepete mwa njira. Ofuna fungo afune Papa Meilland kapena Mister Lincoln, ofiira moderako, kapena Double Delight, koma adziwe kuti amenewa amadwala msanga, ndipo ofiira moderawo kumunsi kotentha amapsa m'mbali mwa duwa lisanatambasuke n'komwe. A ku Tete akhale pa oyera, apinki ndi achikasu, ndipo asadabwe maluwa akachepa msinkhu mu Okutobala ndi Novembala. Nyengo yawo yabwino ndi ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti.

Pachipata paja pamafuna yoyanga. Pali Iceberg yoyanga, pali Cécile Brünner yoyanga, komanso pali Banksia, yopanda minga, ya timaluwa tachikasu, imene imachita maluwa kamodzi pa chaka nyengo yozizira ikamatha. Banksia imakula mwamphamvu zedi, pachipata cha nsungwi siikhalitsa osachigwetsa.

Maroza a David Austin, mlimi wa ku England amene anatulutsa roza yake yoyamba mu 1961, ndi amene amaoneka kwambiri pa zithunzi za minda yotere pa intaneti, aja a duwa lodzadza ngati kabichi wamng'ono. Ndi okongola, koma kuno ndi ovuta kupeza. Nazale zikuluzikulu za maroza, monga Ludwig's Roses kufupi ndi Pretoria, zili kutali, ndipo kudutsa ndi mbande pamalire, kaya pa Zóbuè, pa Calómuè kapena kwina, kumafuna chikalata cha zaumoyo wa zomera. Funsani ku SDAE, ofesi yoona za ulimi m'boma lanu, musanayitanitse.

Kunena zoona, roza yodalirika koposa ndi imene ili kale m'dera lanu: ya pa mishoni, ya pa nyumba yakale, ya kwa mayi wina amene yakhala pakhonde pake zaka zambiri popanda mankhwala. Dzina lake mwina palibe amene akulidziwa, koma yaonetsa kale kuti dothi ndi nyengo ya kwanuko imagwirizana nazo. Pitani mu Julayi, nthawi yodulira, mukapemphe nthambi.

Nthambiyo ikhale yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 20 kapena 25, yokhala ndi maso anayi kapena asanu. Kumunsi dulani pansi pa diso, muchotse masamba, muizike m'thumba la dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, maso awiri okha atsale kunja. Vindikirani ndi botolo la pulasitiki lodula kumunsi, muike pamthunzi, dothi lizikhala lonyowa koma osati matope. Pakatha milungu 6 kapena 8 imayamba mizu. Musaizule kuti muone, ndipo timasamba toyamba tisakunyengeni, timatuluka mizu isanabwere. Zikani zambiri kuposa zimene mukufuna chifukwa zina zimauma. Iceberg ndi The Fairy zimagwira msanga, koma maroza a duwa limodzi lalikulu amavuta, n'chifukwa chake ku nazale amawamezanitsa.

Kubzala

Kumtunda, mbande za m'matumba bzalani mvula ikakhazikika mu Disembala, kapena mu Ogasiti ngati madzi muli nawo pafupi. Kumunsi bzalani mu Epulo kapena Meyi, kuti mizu ikhale itazama chilimwe chisanafike. Bzalani madzulo. Thirirani thumba kaye, mulidule ndi mpeni osasokoneza dothi, mukhazike mbande kuti mfundo ya pomezanitsa ikhale pamlingo wa dothi. Tsenderani ndi manja, mupange kambiya kozungulira tsinde, muthire ndowa yathunthu.

Pa roza yomezanitsa, nthawi zina pamatuluka mphukira pansi pa mfundo ija, yothamanga kukula, masamba ake osiyana ndi enawo. Imeneyo ndi ya tsinde lakuthengo limene anamezapo. Fukulani pang'ono muikhadzule pomwe yachokera. Mukangoidula pamwamba imabwereranso ziwiri, ndipo mukailekerera imalanda chitsamba chonse.

Zodzaza mipata

Maroza okha sapanga kamunda aka, chifukwa kumunsi kwawo kumakhala minga yokhayokha. Kumbuyo cha kumpanda fesani cosmos, bonongwe wofiira ndi chidede. Pakati pa magulu a maroza ikani salvia ndi agapanthus, zimene maluwa ake abuluu amakhala bwino pafupi ndi oyera ndi apinki. Luni musamupalire yense. Mukasiya mapando angapo kuti akule, amatulutsa maluwa oyera a tindevu ataliatali, ndipo nsonga zake mukutchola n'kumadyera nsima. Pafupi ndi pokhala bzalani mpungabwi ndi phata la balakate wa tiyi. M'mphepete mwa njira muike alyssum, marigold aafupi, anyezi wa masamba ndi adyo. Lavenda ndi rozimere zimafuna pouma, choncho zikhale pakona pamene kheni safikapo kawirikawiri, ndipo kumtunda ndi kumene zimachita bwino.

Mitundu ya maluwa isapose itatu, mwachitsanzo yoyera, yapinki ndi yabuluu, apo ayi maso amatopa. Siyani mpata wa chikhatho ndi theka kuzungulira tsinde la roza iliyonse. Nkhwani ndi mbatata musazilole, zimakwera pa chilichonse. Lantana ndi deliya nazonso ayi, zikalowa sizituluka.

Madzi ndi chiswe

Thirirani patsinde, m'mawa, kawiri pa mlungu, madzi ambiri nthawi imodzi. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse kumachititsa mizu kukhala pamwamba, ndipo tsiku limene mjigo wawonongeka roza imalefuka pomwepo. Madzi otsukuluzira mbale ndi osambira mutha kuwalondolera ku balakate ndi bonongwe. Ochapira a sopo wa ufa asafike pa roza, mchere wake umaunjikana m'dothi. Chimodzimodzi madzi a mijigo ina ya kumunsi amene amamveka mchere pakamwa: m'mbali mwa masamba mukayamba kupsa, sakanizani ndi madzi a mvula osunga m'mgolo.

Phimbirani dothi ndi udzu wouma, makoko a mtedza kapena masamba owola, kuchindikala ngati zala zinayi. Zimenezi zimachepetsa kwambiri zigubu zija. Vuto ndi chiswe. Zophimbirazo zisakhudze tsinde, ndipo mlungu uliwonse muzizitembenuza ndi dzanja. Mukaona dothi lomatidwa pakhungwa, likokoloreni n'kuthirira kwambiri. Chiswe chimakonda kugwira roza imene yafooka kale ndi ludzu.

Kuyambira Ogasiti mpaka Epulo, mwezi uliwonse wazani masupuni awiri aakulu a fetereza kuzungulira chitsamba, kutali ndi tsinde, n'kuthirira. Mbande zatsopano zidikire milungu 6. Amene alibe fetereza aike fosholo ya manyowa owola miyezi iwiri iliyonse.

Zoononga

M'dzinja, kumtunda, mdani wamkulu ndi madontho akuda. Tsamba limachita timadontho, kenako chikasu, n'kuthothoka, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba. Matendawa amafala ndi madzi odontha pamasamba. Tolani masamba ogwawo muwatenthe, musawaike pa kompositi. Alimi a mbatatesi ndi tomato amaudziwa kale mancozeb. Amathandizanso pa roza, koma ndi woteteza, osati wochiza, choncho amapoperedwa matenda asanafale, motsatira mlingo wolembedwa papaketi, ndipo ndiwo zimene zili pafupi musazitchole masiku amene paketiyo yanena asanakwane. Ine ndimaona kuti m'kamunda kosakaniza ndi ndiwo n'kwabwino kuzula roza yodwaladwala n'kubzala ina yolimba kusiyana n'kumapopera dzinja lonse.

M'chilimwe mumabwera akangaude ofiira, omwe aja a pa tomato. Masamba amatuwa, ndipo mukatembenuza mumaona tinthu ngati fumbi tikuyenda. Amadana ndi chinyezi, ndiye tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi m'mawa, masiku angapo motsatizana. Nsabwe zobiriwira za pansonga zifinyeni ndi zala, kapena poperani madzulo ndi madzi a sopo wa mtanda, kasupuni kakang'ono pa lita imodzi. Zikumbu zachikasu ndi zakuda zimene zimalowa m'kati mwa duwa zigwedezereni m'chitini cha madzi a sopo m'mamawa, zisanayambe kuuluka.

Kudulira

Kumunsi dulirani mu Juni kapena kuchiyambi kwa Julayi. Kumtunda dikirani kumapeto kwa Julayi, ndipo kumene kumagwa chisanu mpaka Ogasiti, chifukwa kudulira kumadzutsa mphukira ndipo chisanu chikazipeza zimapsa. Gwiritsani ntchito sizasi yakuthwa yodulira nthambi. Chikwanje chimang'amba khungwa.

Yambani ndi zouma, kenako zopingasana m'kati, kenako zonse zowonda kuposa pensulo. Zitsale nthambi zitatu mpaka zisanu zamphamvu, muzifupikitse kufika m'mawondo kapena kupitirira pang'ono. Dulani mopendeketsa, theka la sentimita pamwamba pa diso loyang'ana kunja, kuti mphukira yatsopano ituluke kunja ndipo m'kati mukhale mpata. Iceberg ndi The Fairy musazidule kwambiri, theka la msinkhu ndi lokwanira. Chotsani masamba onse otsala, muthire manyowa, muthirire bwino. Chitsamba chimaoneka ngati mwachipha ndipo a pakhomo adzakufunsani, koma kumtunda, kumapeto kwa Sepitembala kapena mu Okutobala ndi pamene chimachita maluwa ochuluka koposa.

Yoyanga musaidule zaka ziwiri zoyamba. Nthambi zake zitalizitali muzizigoneka chopingasa n'kumanga ndi luzi momasuka. Nthambi yoimirira imachita maluwa kunsonga kokha, pamene yogonekedwa imaphukira diso lililonse. Kuyambira chaka chachitatu, mu Julayi muzifupikitsa tinthambi ta m'mbali kuti titsale ndi maso awiri kapena atatu. Banksia yokha ndiyo imadulidwa ikatha maluwa, chifukwa mukaidula mu Julayi mwataya maluwa a chaka chonse.

M'miyezi ina yonse, duwa likafota lidulireni pamwamba pa tsamba loyamba la timasamba tisanu, ndipo pakatha milungu 6 kapena 7 pamabwera lina. Cosmos, alyssum ndi luni zisiyeni zina zikhwime njere n'kugwa zokha. Mvula ikagwa zidzamera m'mipata ya njerwa ndi m'malo amene simunaganizire, ndipo inu muzingozula zimene zayandikira kwambiri tsinde la roza kapena zatseka njira ya wilibala.